Mafunso Anu: Kukhoma Masipika a Pashelefu Koyamba

Mwezi uno makalata ambiri ochokera kwa owerenga athu a mu Harare akhudza nkhani imodzi, ya masipika ang'onoang'ono okhazika pashelefu kapena pambali pa TV. Tasankhapo asanu ndi awiri, ena tawafupikitsa.

FUNSO: Akuluakulu, ndikufuna kudzikhomera masipika awiri a m'chipinda. Za matabwa ndimadziwako pang'ono, koma za magetsi ndine mlendo. Mnzanga akuti ndiyambe ndakhoma bokosi lokongola, kenako ndikasake sipika yokwana pabowo. Kodi ndi momwemo? Ndine mnyamata wa ku Mufakose.

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo wakuyambitsani kumchira. Telala amayamba wayeza munthu asanadule nsalu. Apanso mumayamba mwapeza wufa, sipika yaikulu yotulutsa bezi ndi mawu apansi, ndiye bokosi n'kumatsatira.

Chifukwa chake ndi ichi. Pepala la wufa likamakankha mpweya kutsogolo, nthawi yomweyo limakoka mpweya kumbuyo. Mukaliza wufa ili pamtetete, mpweya wa kutsogolo umangozungulira m'mphepete n'kukadzaza kumbuyo, bezi n'kufafanizika. Mumangomva kulira kowonda ngati kwa wailesi ya m'thumba. Bokosi limatsekera phokoso la kumbuyolo. Koma mpweya wotsekeredwa umasanduka sipuling'i. Bokosi likachepa kwambiri sipuling'iyo imalimba, bezi yakuya imasowa, m'malo mwake mumabwera kugunda kumodzimodzi ngati mukumenya chigubu. Likakula mopitirira, pepala limasowa chochirikiza ndipo limangoyenda mwawedewede.

Kukula koyenera kumachokera pa nambala zitatu zimene kampani yopanga wufa imalemba pa chikalata chofotokoza wufayo. Zimatchedwa Thiele-Small, potengera akatswiri awiri amene anazikhazikitsa, Neville Thiele wa ku Australia mu 1961 ndi Richard Small kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Fs ndi liwiro limene pepala limanjenjemera mosavuta palokha, ndipo limalembedwa m'ma Hz. Qts imasonyeza mmene maginito ndi mphira zimagwirira pepala kuti lisapitirize kugwedezeka mawu akatha. Vas ndi kufewa kwa mphira ya m'mphepete pamodzi ndi kansalu kachikasu ka pansi pa pepala, ndipo imayezedwa m'malita. Pogula, funsani nambala zimenezi, kapena werengani dzina ndi nambala ya wufa kumbuyo kwa maginito n'kuzifufuza pa intaneti musanapereke ndalama. Wufa yopanda dzina ndi yopanda nambala musayambire, ngakhale maginito ake atakula bwanji.

Kwa oyamba kumene timalimbikitsa wufa ya mainchesi 6.5, ya 8 ohm, ya Qts yapakati pa 0.35 ndi 0.5, twita (kasipika ka mawu apamwamba) yamutu wozungulira ya inchi imodzi, ndi bokosi lotseka, lopanda paipi. Bokosi lotseka limakhululuka. Mukaphonya ndi lita imodzi khutu silizindikira n'komwe.

Masamu ake ndi afupi. Gawani 0.707 ndi Qts, yankho mulichulukitse ndi lokha, muchotsepo 1, kenako mugawe Vas ndi chotsalacho. Tiyerekeze wufa ya Fs 50 Hz, Qts 0.4 ndi Vas malita 20. Mukagawa 0.707 ndi 0.4 mupeza 1.77. Mukachulukitsa 1.77 ndi 1.77 mupeza 3.13, kuchotsapo 1 kutsala 2.13, ndipo 20 kugawa ndi 2.13 ikupatsani malita 9.4. Limenelo ndilo bokosi lanu, mpweya wa mkati wokhawokha. Nambala ija ya 1.77 mukaichulukitsa ndi Fs mupeza 88 Hz, pamene bezi iyambire kutsika. Tinene chilungamo: chingwe chachikulu cha gitala wa bezi chimafika pa 41 Hz, choncho bokosi ili silidzagwedeza malata. Koma mawu a oimba, magitala a sungura ndi ng'oma zidzamveka zoyera, ndipo khoma la kumbuyo limabwezerako bezi ina. Amene ali ndi kompyuta angaone zonsezi pa pulogalamu yaulere ya WinISD asanadule thabwa.

FUNSO: Ndimakhoma mipando ndi makabati ku Glen View. Kasitomala wandipempha mabokosi awiri a masipika a malita 10. Ndili ndi mlombwa wabwino, umene kuno amati mukwa. Ndigwiritse umenewu? Ndipo miyezo yake ikhale yotani?

YANKHO: Amisiri, mlombwa usungireni tebulo. Thabwa la mtengo limafufuma m'dzinja n'kuuma m'chilimwe, ndipo limayenda kwambiri m'mimba mwake kusiyana ndi mulitali. Pa kabati zimenezi zilibe kanthu, koma bokosi la sipika likang'ambika pamfundo, ngakhale kamng'alu konga tsitsi, mpweya umatuluka ndipo ntchito yawonongeka. Gwiritsani MDF, imene ambiri m'mashopu amaitcha supawood, ya mamilimita 18. Ndi yolemera, yofanana paliponse, ndipo ilibe kulira kwakekwake. Pulayiwudi yabwino yopanda mphako mkati imachitanso. Chipboard ndi yomalizira, chifukwa imanyenyeka pa masikuluwu a wufa. Ngati kasitomala akufuna maonekedwe a mlombwa, matani veneer pamwamba.

Mkati mwa bokosi mukhale mamilimita 180 m'mimba, 300 msinkhu, 200 kupita kumbuyo. Amenewo ndi malita 10.8. Mukachotsapo pafupifupi lita imodzi ya maginito, crossover (zipangizo zogawa mawu pakati pa wufa ndi twita) ndi mtanda wa mkati, mutsala pafupi ndi malita 10. Pa bokosi limodzi dulani chamaso ndi chakumbuyo 216 kwa 336, mbali ziwiri 200 kwa 336, chapamwamba ndi chapansi 180 kwa 200. Mbali zimalowa pakati pa chamaso ndi chakumbuyo, chapamwamba ndi chapansi zimalowa pakati pa mbali. Mukapeza MDF ya mamilimita 16 yokha, chamaso ndi chakumbuyo zikhale 212 kwa 332, mbali 200 kwa 332, zinazo osasintha. Zidutswa zonse za muyezo umodzi, za mabokosi onse awiri, ziduleni nthawi imodzi musanasunthe mpanda wa sowo. Mabokosi awiriwa ayenera kukhala mapasa.

Mabowo a wufa ndi twita abooleni musanamate. Muyezo utengeni pa sipika yeniyeniyo, osati pamtima, chifukwa mawufa otchedwa 6.5 amasiyana. Ambiri amafuna bowo la mamilimita pafupifupi 145, koma ena amapitirira. Twita ikhale pamwamba, moyandikana ndi wufa mmene zingathekere, mpata wa sentimita imodzi pakati pa mafelemu ndi wokwanira. Zikatalikirana, mawu a woimba amamveka ngati akuchokera m'malo awiri. Ngati muli ndi router, kumbani pang'ono kuti nkhope ya twita ilingane ndi thabwa, ndipo m'mphepete mwa chamaso muzunguze. Ngodya zakuthwa zimabweza mawu apamwamba n'kuwasokoneza.

Chimene chimagwira bokosi ndi guluu woyera wa matabwa, osati masikuluwu. Pakani wokwanira mpaka atuluke pang'ono pamfundo yonse mukapana. Opanda zopanira angamange ndi mphira zodula ku chubu cha galimoto, zimakoka bwino ndithu. Mukafuna masikuluwu, yambani mwaboola ndi dirilo ya mamilimita 3 pa sikuluwu ya mamilimita 4, ndipo musayandikire kungodya kuposa masentimita 3. M'mphepete mwa MDF mumagawanika ngati masamba a buku mukangolowetsa sikuluwu mwamphamvu. Pakati pa mbali ziwiri ikani mtanda wa 180 kwa 50, kuseri kwa mpata wa wufa ndi twita. Gogodani mbali ndi chala musanaike ndi mutaika: kulira kwa ng'oma kuja kumasanduka kugunda kwakufa, ndipo ndi kumene tikufuna. Siyani guluu aume maola 24.

Mfundo zonse za mkati muzipakenso guluu ndi chala. Mukasankha silikoni, dikirani fungo lake lowawasa lithe, masiku awiri, musanamange masipika. Pansi pa felemu ya wufa, ya twita ndi ya polumikizira mawaya ikani kalamba kofewa ka siponji komatira m'mazenera. Mkati muikemo thonje la m'mapilo la polyester, magalamu 100 mpaka 150, lomasula bwino, osati lotsendera. Limameza mawu obwerera kuchokera kukhoma la kumbuyo, ndipo wufa imaona ngati bokosi lakulirako pang'ono.

Zina ziwiri zimene kalipentala sayenera kuziphonya. MDF imamwa madzi, makamaka m'mphepete modulidwa, ndipo mvula ya pakati pa Novembala ndi Malichi imaitupitsa ikangokhala pa simenti yachinyezi. Sakanizani guluu ndi madzi theka kwa theka, pakani m'mphepete kawiri, kwechani ndi sandipepa, kenako penti, ndipo pansi muike timiyendo ta mphira. Chachiwiri ndi fumbi lake. Ndi losalala ngati ufa woyera, ndipo lili ndi mankhwala a guluu amene amapweteka m'mapapo. Dulirani panja, mutavala chotchinga mphuno chenicheni. Chonde musapeputse zimenezi.

FUNSO: Ndagula masipika awiri a m'galimoto ku Siyaso, ku Mbare. Alembedwa 400 W. Kodi angakhale m'bokosi la pashelefu? Ndine wowerenga wanu wa ku Kuwadzana.

YANKHO: Angalire, koma sanapangidwire zimenezo. Sipika ya m'galimoto imayembekezera chitseko kapena buti, malo aakulu otayikira mpweya, choncho Qts yake kawirikawiri imakhala yokwera, 0.7 kapena kupitirira. Bwererani ku masamu a m'yankho loyamba muone: Qts ikafika 0.7 chogawira chimatsala pafupifupi ziro, kutanthauza kuti palibe bokosi laling'ono loikwanira. M'malita 10 idzangogunda malo amodzi. Ngati mwagula kale, ipatseni bokosi lotseka lalikulu mmene shelefu ingalolere, malita 20 kapena 25, mudzaze thonje. Ubwino wake ndi wakuti ambiri amabwera ndi twita pakati ndi kapasita wake, ndiye simuvutika ndi crossover.

Musanakhome chilichonse ayeseni. Ikani multimeter, mita yoyezera magetsi, pa ohm: sipika ya 4 ohm imaonetsa 3 ndi kanthu, ya 8 ohm imaonetsa pakati pa 5.5 ndi 7. Onse awiri aonetse zofanana. Kenako kankhani pepala pang'onopang'ono ndi zala zinayi mozungulira pakati. Mukamva kukhwekhwereza, koyilo ya mkati inapsa kapena inapindika. Yang'ananinso mphira ya m'mphepete padzuwa ngati ili ndi ming'alu. Za 400 W ziiwaleni. Nambala zikuluzikulu za pa makatoni, makamaka zolembedwa PMPO, sizikuuzani kanthu. Yodalirika ndi ya RMS, ndipo nayonso imangonena kutentha kumene koyilo ingapirire, osati kukoma kwa mawu kapena kukula kwa phokoso.

FUNSO: Mwana wanga wakhoma mabokosi abwino ndithu, koma matwita apsa kawiri. Koyamba anangolumikiza twita pa mawaya a wufa. Kachiwiri anaikapo kapasita wochotsa mu wailesi yakale, koma patatha sabata zapsanso. Ndalama zikutha. Tikulakwitsa pati? Ndine mayi wa ku Highfield.

YANKHO: Mayi, pepani ndi ndalama zimene zapitazo, koma mwanayo musamugwetse mphwayi. Wafika pa gawo limene limavuta aliyense, ndipo lili ndi mankhwala.

Koyilo ya mu twita ndi ya waya woonda ngati tsitsi, ndipo kamutu kake kamayenda pang'ono kwambiri. Mphamvu zambiri za nyimbo zili m'bezi ndi m'ng'oma. Twita ikalumikizidwa mwachindunji imalandira mphamvu yonseyo, waya n'kupsa. Crossover ndi msonkhano wa makapasita ndi makoyilo umene umagawa ntchito: kapasita amalola mawu apamwamba n'kutsekereza apansi, koyilo imalola apansi n'kutsekereza apamwamba. Kapasita wa mu wailesi uja ayenera kuti anali wa miyendo ya + ndi -, amene amafuna magetsi oyenda mbali imodzi. Magetsi a nyimbo amapita uku ndi uku, choncho kapasita wotere sachedwa kuwonongeka. Mwinanso kukula kwake kunali kwa mazanamazana a µF, kumene kumangolola bezi yonse kudutsa. Ofunika ndi makapasita opanda + ndi -, olembedwa MKP, MKT, NP kapena BP, a 100 V kupita m'mwamba. Akasowa, kapasita watsopano wa mota ya fani wa 4 µF amagwira bwino ntchitoyi.

Ngakhale kapasita woyenera, akakhala yekha amatsitsa bezi pang'onopang'ono kwambiri, 6 dB yokha (dB ndi muyezo wa kukula kwa phokoso) liwiro likatsika ndi theka. Chotetezeka ndi kapasita ndi koyilo mbali iliyonse, zimene zimatsitsa 12 dB. Nayi crossover ya mtundu wa Linkwitz-Riley yogawa pa 2,500 Hz, ya wufa ndi twita za 8 ohm. Bokosi lililonse likufuna makapasita awiri a 4 µF, kapena 3.9, ndi makoyilo awiri a 1.0 mH. Ku wufa, waya wa + wochokera ku ampulifaya udutse mu koyilo n'kukafika pa + ya wufa, ndipo kapasita alumikize + ndi - za wufayo. Ku twita n'kutembenuza: waya wa + udutse mu kapasita, ndipo koyilo ilumikize miyendo iwiri ya twita. Pomaliza twita ilumikizidwe chotembenuza, waya wochokera ku kapasita upite pa - yake. Sikulakwitsa kumeneko. Crossover ya mtundu uwu imasiyanitsa kayendedwe ka wufa ndi twita ndi theka la mzunguliro, ndipo mukapanda kutembenuza, mawu a pa 2,500 Hz amafafanizana, woimba n'kumveka ngati ali kuseri kwa chitseko. Masipika akakhala a 4 ohm, makapasita akhale 8 µF, makoyilo 0.5 mH. Onaninso Fs ya twita: pogawira pakhale kawiri kuposa pamenepo kapena kupitirira, ndiye pa 2,500 Hz pakufunika twita ya Fs yosaposa 1,200 Hz.

Masamu amenewa amaganiza kuti wufa ndi 8 ohm nthawi zonse, pamene zoona zake n'zakuti ma ohm ake amakwera mawu akamakwera, koyilo ija n'kulephera kutsekereza bwino. Kuti zikhazikike, lumikizani rezisita ya 8.2 ohm ya 10 W ndi kapasita wa 10 µF motsatizana, ziwirizo muziike pakati pa + ndi - za wufa. Pa mawufa ambiri a 6.5 zimenezi zimafika pafupi.

Chinanso, twita nthawi zambiri imafuula kuposa wufa, ndipo masipika ambiri okhoma pakhomo amalasa m'makutu pa chifukwa chimenechi. Yerekezani nambala za dB pa zikalata zawo za kukampani. Ngati twita ili 90 ndipo wufa 87, tsitsani twita ndi 3 dB: rezisita ya 2.2 ohm motsatizana ndi twita, ndi ya 20 ohm pakati pa miyendo yake, zonse za 10 W, ziikidwe pakati pa crossover ndi twita. Ikakhalabe yakuthwa yesani 3.3 ndi 15 ohm. Marezisitawa amatetezanso twita ku kutentha.

Pomanga, gwiritsani kathabwa kakang'ono, mumangirire zipangizo ndi timalamba ta pulasitiki ndi guluu wotentha kuti zisanjenjemere, ndipo mfundo zonse ziwotchereredwe ndi mtovu, osati kungopota. Makoyilo awiri asagone mofanana moyandikana, chifukwa amapatsirana mphamvu ya maginito. Ina igone, ina iime chammbali, motalikirana masentimita 5 kapena kuposa, kutalinso ndi maginito a wufa. Koyilo ya wufa ikhale ya waya wonenepa, pafupifupi milimita imodzi. Okulunga mamota angakukulungireni, bola pakhale mita yoyeza mH, chifukwa kuwerenga mizere yokha kumaphonyetsa. Ndipo mwanayo ayambe wayesa crossover ili kunja kwa bokosi, voliyumu ili pansi, khutu pafupi ndi twita. Mukamveka bezi mu twita, azimitse msanga.

Akadzazolowera n'kufuna zolondola kwenikweni, pali mapulogalamu aulere a REW woyezera mawu ndi VituixCAD wokonzera crossover. Koma njira yachidule kwa woyamba ndi kutsatira pulani yofalitsidwa kale, imene wufa, twita, bokosi ndi crossover zinayezedwa pamodzi, osasinthamo kanthu.

FUNSO: Bokosi langa ndi lotseka, la malita 10. Ndikaboola kutsogolo ngati masipika a m'sitolo, bezi iwonjezeka? Wa ku Dzivarasekwa.

YANKHO: Musaboole, achimwene. Bowo la pa masipika a m'sitolo si bowo chabe, kuseri kwake kuli paipi yoyezedwa. Uzirani pakamwa pa botolo lopanda kanthu mumve kulira kwake. Mpweya wa m'khosi mwa botolo ukudumpha pa mpweya wa m'mimba mwake, ndipo kulirako kumadalira kukula kwa botolo, kutalika kwa khosi ndi kukula kwa kamwa. Bokosi la paipi limagwira ntchito chimodzimodzi. Bowo la masentimita 4.6 pa thabwa la mamilimita 18, m'bokosi la malita 10, limalira cha pa 100 Hz. Mudzapeza kugunda kwa chigubu, ndipo bezi yakuya imene munali nayo idzathawa.

Wufa ya chitsanzo chathu, ya Qts 0.4 ndi Vas 20, ikafuna paipi imafuna bokosi la malita pafupifupi 20, lochunidwa cha pa 50 Hz. Kutalika kwa paipi m'masentimita mumakupeza motere: chulukitsani 23,562 ndi m'mimba mwa kamwa la paipi m'masentimita, muchulukitsenso ndi nambala yomweyo, mugawe ndi malita, mugawe ndi Hz, mugawenso ndi Hz, kenako muchotsepo 0.73 kuchulukitsa ndi kamwa lija. Paipi ya madzi oipa ya PVC ya mamilimita 50 mkati mwake imakhala pafupifupi masentimita 4.6, koma yezani yanu. Pa malita 20 ndi 50 Hz ikutuluka masentimita 6.6. Iduleni yotalikirako, muzifupikitsa poyesa.

Kuyesa kwake n'kosangalatsa. Gonekani bokosi chagada, ikani timbewu tingapo ta mpunga pa pepala la wufa, ndipo ndi pulogalamu ya pafoni yotulutsa kulira kumodzi tsikani pang'onopang'ono kuchoka pa 100 Hz, voliyumu ili yochepa. Mpunga udzavina, kenako pena pake udzangoti zii, pamene paipi ikupuma mwamphamvu padzanja. Pamenepo ndi pamene bokosi lachunidwa. Pakakhala pansi pa 50 Hz fupikitsani paipi, pakakhala pamwamba ikufunika yaitali. Kumapeto kwa paipi mkati kutalikirane ndi khoma masentimita 5, ndipo thonje lingomatidwa m'makoma, lisatseke njira. Dziwaninso kuti pansi pa pochunidwapo mpweya sugwiranso pepala, limangokupiza mwaulere, choncho kukweza batani la bezi mpaka kumapeto kumang'amba mawufa a m'mabokosi a paipi.

FUNSO: Kwathu magetsi amazimazima, timadalira sola ndi batire la 12 V. Ndi ampulifaya yanji ingayendetse masipika ngati amenewa? Ndine bambo wa ku Epworth.

YANKHO: Bambo, apa zinthu zakuyenderani bwino, chifukwa timaampulifaya tamakono ta Class D timadya magetsi ochepa ndipo timalumikizidwa ku batire mwachindunji, popanda inveta. Funsani kabolodi kokhala ndi chipu ya TPA3116D2 ya Texas Instruments. Imalandira kuyambira 4.5 V mpaka 26 V, ndipo mabolodi ambiri amabwera ndi Bluetooth.

Amalembapo 50 W mbali iliyonse, koma imeneyo imatheka pa 21 V ndi masipika a 4 ohm. Pa 12 V ndi masipika a 8 ohm mupeza ma W 8 kapena 9, pa 4 ohm pafupifupi kawiri kake. Chaja ya laputopu ya 19 V imakweza kufika cha pa 20 W pa 8 ohm. Zisakuchepereni. Sipika ya 87 dB imatulutsa phokoso limenelo ndi 1 W yokha mutaima mita imodzi, ndipo pa 10 W imafika 97 dB, phokoso loti m'chipinda simungamvane polankhula. Kuwirikiza ma W kumangowonjezera 3 dB. Choopsa ndi kukankha ampulifaya yaing'ono kupitirira mphamvu yake. Mawu akayamba kuthetheka ndi kukalipa, ndiye kuti nsonga za mafunde zikudulidwa, ndipo kudulidwako kumatumiza kutentha kwambiri ku twita. Mukangomva zimenezo bwezani voliyumu.

Ikani fyuzi ya 5 A pa waya wa + pafupi ndi batire, ndipo onetsetsani + ndi - kawiri musanalumikize, chifukwa mabolodi ena alibe chitetezo mukatembenuza. Ngati sola yanu ndi ya 24 V musalumikize mwachindunji: batire likamatchajidwa limafika 28 V ndi kupitirira, chipu n'kupsa. Mawaya a - a masipika awiri asakumane, ndiponso asakhudze - ya batire, popeza pa ampulifaya za mtundu uwu miyendo yonse iwiri ya sipika ili ndi moto. Waya wa kopa wa 1.5 mm² ndi wokwanira pa mamita atatu kapena asanu.

FUNSO: Ndamaliza zonse motsatira miyezo, koma ndikayatsa onse awiri bezi imachepa kusiyana ndi ndikayatsa imodzi. Mawu akumveka ngati akuzungulira mutu. Ndine mtsikana wa ku Mabvuku.

YANKHO: Achemwali, mwafotokoza bwino kwambiri moti vuto laoneka kale: wufa imodzi yalumikizidwa chotembenuza. Ina ikamakankha ina ikukoka, bezi n'kudyana. Chotsani mawaya ku ampulifaya, tengani batire la tochi la 1.5 V, gunditsani + yake pa waya wofiira ndi - pa wakuda kwa kamphindi, maso ali pa pepala la wufa. Liyenera kutulukira kunja. Bokosi limene pepala likulowa mkati ndilo lolakwika, tembenuzani mawaya pa wufa yake. Batire musaligunditse pa twita yokha. Mukatsegula, onaninso kuti matwita onse awiri alumikizidwa mofanana.

Bezi ikakhalabe yochepa, fufuzani potuluka mpweya. Kankhani pepala la wufa pang'onopang'ono ndi zala n'kusiya. M'bokosi lotseka bwino limalimba pokankha. Likangolowa mofewa ngati mulibe bokosi, pena pakutayikira. Lizani 40 Hz ya pafoni motsitsa, yendetsani chala chonyowa m'mfundo zonse, mozungulira wufa ndi polowera mawaya. Pamene pakutuluka mpweya mudzamva kuzizira, mwinanso kamluzu.

Chotsala ndi pokhazika. Bokosi la mamilimita 216 m'mimba limaponya mawu apamwamba kutsogolo, koma mawu a pansi pa 500 Hz amayamba kuzungulira mbali zonse, ndipo pakati pa chipinda theka lake limathawira kumbuyo. Khoma limawabweza. Yambani ndi mpata wa masentimita 15 kuchokera kukhoma, muzisuntha pang'onopang'ono mukumvetsera nyimbo imodzi yomwe mumaidziwa bwino. Pangodya ya chipinda bezi imachuluka mpaka kuipa. Chamaso cha bokosi chifike m'mphepete mwa shelefu, chisabisale mkati, matwita akhale pa msinkhu wa makutu mutakhala pansi, ndipo mtunda wa pakati pa masipika ufanane ndi mtunda wochoka pa sipika iliyonse kufika pampando wanu. Atembenuzireni pang'ono kwa inu mpaka mawu a woimba aime pakati penipeni, pamene palibe sipika.